Nthambo ya pa Kachele

"Katsitseni nthambo ija, atate ake Jennipher. Lelo lomwe lino. Ine ndatopa."

"Ndikaitsitsa, ana amvela chiyani mailo?"

"Ana ake ati? Lelo munali nawo angati m'kalasi?"

Fabian Miti, mphunzitsi wa Sitandade 2 pa sukulu ya m'mudzi mwathu, ankachonga ntchito za m'kalasi. Anali pa kampando pakhonde, makope a ana ali pamiyendo. Mkazi wake Dainess anatula ndowa mwamphamvu moti madzi anakhavukila pa nsapato za mwamunayo.

"Khumi ndi mmodzi," anatelo Fabian.

"Pa ana makumi anayi! Ndipo mwa amenewo mmodzi ndi wanu yemwe. Mukudziwa zimene zandionekela kuchitsime? Ndafika anthu akucheza, akuseka. Kungondiona ine, onse zii. Rhoda, amene ndinavinidwa naye limodzi, wasendeza ndowa yake kuti isakhudzane ndi yanga. Nditapeleka msana ndamva wina akuti, 'Tsekani pakamwa, mkazi wa kapilikoni angapite nazo.' Ine Dainess, wobadwila pano!"

Ine amene ndikusimba izi nyumba yanga inali yachitatu kuchokela pa yawo, ndipo nyumba zathu za udzu sizisunga mawu. Sindidzibisa ayi, kuchitsime tsiku limenelo ndinaliko, ndipo nanenso ndinatseka pakamwa. Chinali chaka cha 1959, masiku a Chitaganya, pamene dzina lakuti kapilikoni, munthu wogulitsa anzake kwa boma, linali loipa kuposa la mfiti.

"Amake Jennipher," anatelo Fabian motopa, "ndanena kangati? Wailesi siimva. Imalankhula chabe. Ilibe khutu."

"Ilibe khutu? Nanga Jennipher akuti chiyani? Akuti mayi wa m'wailesimo amafunsa funso, ana ayankha, iye n'kunena kuti, 'Mwayankha bwino, ana inu.' Amadziwa bwanji kuti ayankha bwino ngati sakumva?"

"Amanena zimenezo ngakhale pasayankhe munthu. Mayiyo ali ku Lusaka, akuwelenga pepala. Amangodikila pang'ono n'kupitiliza. Ku kosi tinkaseka nazo zimenezi."

"Inu munkaseka. Mlongo wanga Wiseman sakuseka kumene aliko. Lelo ndi tsiku lachisanu ali m'ndende ku Petauke."

Fabian anatseka kope, nayang'ana pansi.

Nkhani yake inali yotele. Mwezi wa Ogasiti, oyang'anila masukulu anasankha mphunzitsi mmodzi pa sukulu yathu kuti apite ku Foti Jemusoni, akaphunzile milungu itatu kaphunzitsidwe ka wailesi m'kalasi. Aphunzitsi aakulu, a Chulu, amene anagwila choko zaka makumi awili ndi ziwili, anali atachapitsa kale jekete yawo. Kalata itafika, dzina linali la Miti, mnyamata wa ku Katete amene anangobwela kudzakwatila kuno. Anabwelako ndi wailesi yobiliwila yozungulila ngati sefuliya, batile lolemela, mpukutu wa nthambo ndi mulu wa mafomu. Tsiku limenelo tinamulandila ndi nthungululu, Dainess akuyenda ngati sakuponda pansi.

Fabian anali munthu wochita chinthu monga momwe anamuuzila, osapatuka ngakhale pang'ono. Ku kosi anati nthambo ichoke padenga la sukulu ikamangidwe pa mtengo wautali kuposa yonse. Mtengo wautali kuposa yonse kwathu ndi kachele wa kuseli kwa bwalo la sukulu, pomwe amuna amakhala masana a chilimwe, ndipo iye anakwela n'kumanga pomwepo. Anati nthambo ina ilowe pansi ndi chitsulo, ndipo dothi lake lizikhala lonyowa kuti mawu azimveka bwino. Ndiye m'mawa uliwonse tinkamuona atagwada kuseli kwa kalasi, akuthila kapu ya madzi pa chitsulo chokwilila, monga amathilila nsembe akuluakulu. Anatinso phunzilo likatha azilemba pa fomu momwe mawu amvekela, ana amene analipo ndi amene ayankha, ndipo mafomuwo azipita ku boma. Iye ankalembadi, ana akuona.

Ndiye amuna anachita msonkhano wa chipani cha Kongelesi, chotsutsa Chitaganya, pansi pa kachele pomwepo, wopanda chilolezo. Patapita masiku atatu, amesenjala a boma anafika ndi maina anayi pa pepala, limodzi la Wiseman. Kunena zoona, msonkhano umenewo unali waphokoso moti ife tinkaumva tili kudambo, ndipo aliyense wodutsa pa njinga mumsewu wa ku Ndake akanaumva. Koma anthu atakweza maso anaona nthambo ili pamwamba pa mitu yawo, ndipo sanafunenso kufufuza kwina.

"Pitani kwa a Chulu," anatelo Dainess, mawu atatsika. "Iwo anthu amawamvela. Anaphunzitsa mudzi wonse uno, ngakhale ine. Akangoima m'tchalitchi Lamulungu n'kunena kuti chinthucho sichimva, nkhani yatha. Apo ayi, tsitsani nthambo."

"Ndikatsitsa manje, ndiye kuti ndavomela kuti ndine kapilikoni."

"Ndipo mukapanda kutsitsa?"

Fabian anawelama. Anatenga nsanza n'kuyamba kupukuta nsapato zake.

M'mawa mwake, belu lisanalile, anakagogoda ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, kachipinda kokhala ndi tebulo, kabati ndi mpando umodzi. A Chulu anali pa mpandowo akusongola pensulo ndi lumo, ndipo sanafulumile kukweza mutu.

"Mwauka bwanji, bambo?"

"Tauka, a Miti. Kaya inu akatswili a makina?"

"Ndabwela ndi pempho, bambo. Mwaona momwe ana achepela. Makolo akuti wailesi imamva zonena anthu n'kuzitumiza ku boma. Inu mukudziwa kuti si zoona. Kwa abambo a mishoni munakhalako zaka, wailesi munaiona ife tisanaione. Mukangonena mawu amodzi Lamulungu…"

"Ine?" A Chulu anaika lumo pansi. "Ine ndinene za wailesi? A Miti, musandiseke. Ine ndine wa choko ndi bolodi, wa masiku akale. Pofuna munthu wanzelu za makina, oyang'anila anaona kuti pano alipo mmodzi chabe. Ndiyambe lelo kuphunzitsa zimene sindinaphunzile?"

"Sindinadzisankhe ndekha, bambo."

"Ndani wanena kuti munadzisankha? Koma mutabwela, munandifunsa pomanga nthambo? Munalowa muno n'kunena kuti, 'Bambo, mtengo uwu uli bwanji?' Ndikanakuuzani kuti pa kachele sipamangidwa kanthu, ndi pa bwalo la amuna. Inu munangokwela, buku lanu la ku kosi lili m'thumba."

Apa a Chulu ananena zoona, ndipo Fabian anazimva kuwawa.

"Ndinalakwa, bambo. Pepani. Ndiichotsa ndikaimange pa mlongoti, ndidula ndekha. Koma anthu ayambe amva kuti siimva. Nyumba yanga ikupasuka."

"Za m'nyumba mwanu ine sindilowelela. Za sukulu ndiye zanga. Ndamva kuti anyamata ena akufuna kudzaphwanya chinthucho. Ndi katundu wa boma, akaphwanya wofunsidwa ndine. Chibweletseni muno, chikhale m'kabati mpaka mitima itazizila."

"Nanga phunzilo la lelo? Tili pakati pa nyimbo ya manambala."

"Ana anaphunzila kuwelenga muno zaka makumi awili popanda mayi wa ku Lusaka. Aphunzilanso lelo."

Fabian ananyamula yekha wailesi ndi batile kukazipeleka. A Chulu anakhoma kabati, makiyi n'kuponya m'thumba la jekete ija anachapitsa. Tsiku lomwelo analemba kalata kwa oyang'anila masukulu, yonena kuti makolo achotsa ana chifukwa cha mphunzitsi mmodzi, ndipo sukulu ikhoza kutsekedwa.

Milungu iwili yotsatila inali yolemetsa pakhomo pa a Miti. Wailesi inali chete m'kabati, koma Fabian sanaleke kuthila madzi pa chitsulo chake m'mawa uliwonse, akuti dothi likauma lidzavuta kunyowetsanso. Kalanga ine, munthu ameneyu! Ife poona tinkati akudyetsa chinthu chake kuti chisafe. Dainess anayamba kupita kuchitsime dzuwa lili pamutu, nthawi imene kulibe anthu. Jennipher, mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, anabwela kuchokela kusukulu tsiku lina dilesi litang'ambika paphewa, osafuna kunena amene wamung'ambila. Kenaka mawu anafika kuchokela ku Petauke kuti Wiseman ndi anzake awalamula miyezi isanu ndi umodzi.

Tsiku limenelo Dainess sanalile mokweza. Anakhala pa mphasa kuseli kwa nkhokwe, miyendo atatambasula, mwamuna wake ataima chapatali.

"Amake Jennipher, ndipite nanu ku Petauke Loweluka tikamuone. Ndibweleka njinga yachiwili."

"Mupite inu? Kuti akuoneni pa chipata cha ndende mukupatsana moni ndi amesenjala?"

"Kodi nanunso mukukhulupilila?"

"Sindikudziwa chimene ndikukhulupilila. Ndikudziwa kuti amai anga sakudya. Ndikudziwa kuti mlamu wanga, mkazi wa Wiseman, wandibwezela mchele umene ndinamupatsa. Mafomu aja munkalembamo chiyani?"

"Maina a ana, ndi momwe mawu amvekela. Ndinakuonetsani."

"Munandionetsa Chingelezi. Ine ndinalekela Sitandade 1."

"Zaka khumi, Dainess. Ndakhala pano zaka khumi. Nkhokwe iyi ndinaluka ndine, munda wa amai ndimalima ndine. Wiseman ndinamuphunzitsa kulemba kalata pakhonde lomweli."

"Ndikudziwa," anatelo Dainess. "N'chifukwa chake ndatopa."

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi. Ndi mkamwini, ndipo ngakhale akhale mphunzitsi wovala taye, pakhomo ndi pa eni mbumba, ana ndi a kuchikazi. Mwini mbumba wa Dainess anali amalume ake, a Abednego Daka, munthu wofatsa amene anabwela kuchokela ku migodi ya ku Wanki ndi chifuwa chosatha. A Daka ankamukonda Fabian, ndipo ankamuitana kuti awawelengele makalata. Koma mwezi umenewo anamema anthu kuti adzawathandize kufolela nyumba, mowa anafulula, ndipo sipanabwele ngakhale munthu mmodzi. Loweluka lotsatila anaitanitsa banja lonse pakhomo pawo, ndipo ife ena tinadziitana tokha n'kukhala m'mphepete. Anaitananso a Chulu, amene anabwela ndi mpando wawo.

"Apongozi," anayamba a Daka, akutsokomola, "ine sindidziwa kukamba zambili. Mwana wathu ali m'ndende. Mudzi ukuloza chala pakhomo pathu. Tiuzeni, chinthu chanucho chimamva kapena sichimva?"

Fabian anagwada monga mkamwini, manja ali pamodzi.

"Sichimva, amalume. Ndipo sindikupempha kuti mukhulupilile pakamwa panga. Lolemba, nthawi ya phunzilo, bwelani nonse kusukulu. Titulutse ana onse, mukhale inu akuluakulu. Mayi uja akafunsa funso, pasayankhe munthu, tonse tikhale chete. Mudzamva yekha akuti, 'Mwayankha bwino, ana inu.' Pamenepo mudzadziwa kuti amayamikila mphepo. Akapanda kutelo, ndimangeni ndinu."

Ine ndinaona anthu akuyang'anana, ena akugwedeza mitu, chifukwa zinali zomveka. Dainess anakweza nkhope koyamba tsiku limenelo. A Daka anatembenukila kwa aphunzitsi aakulu.

"A Chulu, makiyi ali ndi inu. Mutitsegulile Lolemba?"

A Chulu anakonza jekete, nayankha mofatsa kwambili, ngati munthu womva chisoni.

"A Daka, ndikanakonda. Koma uja ndi katundu wa boma, anabwelela ana, osati milandu ya m'mudzi. Ndikautulutsa pagulu, wina n'kuponya mwala, ndidzayankha chiyani? Ndinalembela kale oyang'anila, ndikudikila yankho. Popanda kalata yawo kabati sinditsegula."

"Chabwino. Tiuzeni ndinu tsono, poti ndinu ophunzila, munakhala ndi azungu a mishoni. Chimamva?"

Apa ndi pamene ndimati ndikakumbuka mtima umandiwawa mpaka lelo. Mawu amodzi chabe, akuti iyai, akanakwanila. Tonse tinali ana awo a sukulu, tikanawamvela. A Chulu anayang'ana kumwamba, anayang'ana zikhadabo zawo, kenaka anamwetulila pang'ono.

"Ine ku kosi sindinapite," anatelo. "Zimene anawaphunzitsa kumeneko milungu itatu yathunthu, akudziwa ndi iwo ndi amene anawatuma. Ine ndinganene bwanji za m'kati mwa chinthu chimene sindinaloledwe n'kuchigwila komwe?"

"Mwamva!" anakuwa mkazi wa Wiseman. "Ngakhale aphunzitsi aakulu sanaloledwe kuchigwila! Chifukwa chiyani?"

Phokoso linabuka. Fabian anayesa kulankhula, koma mawu ake sanamveke, ndipo ndinamuona akungotsegula ndi kutseka pakamwa, akuyang'ana a Chulu. A Daka anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anakweza dzanja.

"Iwe Dainess, mwamuna ndi wako. Ukuti bwanji?"

Dainess anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana amai ake amene anali atafunda chitenje kumutu. Anayankha motsitsa, koma tonse tinamva.

"Mlongo wanga ali m'ndende, amalume. Mwana wanga akumenyedwa. Ine ndatopa. Chitani zimene mwaona."

"Apongozi," anatelo a Daka osamuyang'ana, "ine sindinakupezeni ndi mlandu. Koma nyumba yanga ili pamtunda yosafolela, mvula ili pafupi, ndipo ine ndidzaikidwa ndi anthu omwewa. Bapitani kwanu, mphepo iyambe yapita. Mwana atsala ndi amake."

Kwathu mkamwini akauzidwa kuti bapitani, palibe amene amafunsa tsiku lobwelela.

Yankho la oyang'anila linafika Lachitatu. Silinanene kanthu za kabati. Linati a Miti asamukile ku kasukulu kena ka kuchigwa, dela la Nyalugwe, mwezi usanathe. Lachisanu m'mawa Fabian anamanga katundu pa njinga: bulangete, sutikesi ya mabuku, mpando wake waung'ono uja. Asananyamuke anakwela pa kachele n'kumasula nthambo, naikulunga bwinobwino monga anamuphunzitsila, n'kukaisiya pakhomo la ofesi pamodzi ndi buku la ku kosi. Amuna amene anali pansi pa mtengowo anangomuyang'ana, osamupatsa moni.

Dainess anamumangila mbatata zootcha m'kansalu. Anaima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Kumeneko akuti kuli udzudzu wambili. Muzifunda."

"Ndamva."

"Mukanatsitsa tsiku lija ndinakuuzani."

"Mwina. Jennipher asaleke sukulu, amake Jennipher. Ali ndi mutu mwana uyu. Nyimbo ya manambala anaigwila tsiku limodzi."

Jennipher anagwila chishalo cha njinga n'kuyenda nayo mpaka pa mlatho wa mitengo, pomwe atate ake anamuuza kuti abwelele. Anabwela yekha, osalila, n'kukakhala kuseli kwa nkhokwe mpaka madzulo.

Ana anabwelela kusukulu Lolemba lotsatila, onse makumi anayi. Nyumba ya a Daka inafoleledwa tsiku limodzi. Kuchitsime Rhoda anayambanso kucheza ndi Dainess ngati palibe chinachitika, ndipo nanenso, ndisaname, ndinamubweleka sefa tsiku lomwelo. Dainess ankayankha moni, koma kuseka anali ataleka.

Panapita milungu iwili. Loweluka lina chakumasana, ine ndi Dainess tikuchokela kuchitsime ndowa zili pamutu, tinamva gitala. Poyamba tinayesa kuti ndi anyamata obwela ku Kabwe. Titakhota pa nyumba ya aphunzitsi aakulu, tinaima.

Wailesi yobiliwila ija inali pa tebulo pakhonde la a Chulu, atayala kansalu koluka pansi pake. Nthambo inachoka padenga la nyumba yawo n'kukamangidwa pa kachele, pa nthambi yomwe ija. Pabwalo panali amuna oposa makumi awili, chipanda cha mowa wa amai a Chulu, mkazi wa aphunzitsiwo, chikuyenda, ena akugwedeza mapewa. A Abednego Daka analipo, atakhala pafupi penipeni ndi tebulo. A Chulu anali ndi buku la ku kosi pamiyendo, chala chili pa kachitsulo kopotokola.

"Kodi si chija chimamva?" ndinafunsa mwamuna wina amene anali kumapeto.

"Aa, a Chulu anachitseka khutu," anayankha osatembenuka. "Akuti manje chimangolankhula chabe. Khalani chete timve nyimbo."

Nthawi yomweyo nyimbo inayamba kukhelekheta, mawu akubwela n'kumathawa. Amuna anadandaula. A Chulu anatsegula buku, anawelenga ndi chala, nakuwila mkazi wawo kuti athile madzi. Amai a Chulu anatuluka ndi kapu, n'kugwada pambali pa khonde pomwe panali chitsulo chokwilila. Ataona ife, nkhope yawo inawala.

"Amake Jennipher! Mwafika bwino, mwanawe. Tandiuzani, amuna anu aja ankathila makapu angati? Ife tikuthila koma chikungokhelekheta."

Ndinamva ndowa ya Dainess ikugwedezeka pamutu, madzi akutayikila pamsana pake. Anayang'ana amalume ake. A Daka anaona kuti akuwayang'ana, ndipo anatsitsa maso m'chipanda, n'kuyamba kutsokomola. Dainess anayang'ananso a Chulu, koma iwo anali otanganidwa ndi buku.

"Imodzi," anatelo Dainess. "Kapu imodzi, m'mawa uliwonse. Sanaphonyepo tsiku."

"Imodzi chabe? Nanga bwanji kwa ife sizikumveka?"

Dainess anatula ndowa yake, nayandikila, n'kukhuthulila madzi onse pa chitsulocho, mpaka matope anafika pa mapazi a amai a Chulu. Kukhelekheta kuja kunatha. Gitala inamveka bwino lomwe, ndipo amuna anaomba m'manja, wina n'kukuwa kuti mkaziyu ndiye anapita ku kosi. Anthu anaseka.

Iye sanaseke. Anatola ndowa yopanda kanthu, n'kuima pang'ono akuyang'ana msewu wotsikila kuchigwa, umene pa njinga ndi ulendo wa masiku awili. Ndinati mwina anena kanthu, koma anangoti, "Tsogolani, anzanga, kunyumba kulibe madzi," n'kubwelela yekha kuchitsime, nyimbo ikumutsata kumbuyo.